Makasu a Anthu a Kumiyala

Sindikumbukira chaka chimene ndinachoka kwathu. Ndimangokumbukira kuti udzu unali utauma, mayi tinali titangowaika kumene, ndipo amene anandinyamulira chikwama anali msuweni wanga Yotamu, mwana wa amalume. Ine ndinabadwa ndi chibwibwi. Mawu amafika pakhosi n'kukakamira pomwepo, moti ndikamamaliza kunena chimene ndimafuna, wondimvera amakhala atayang'ana kale kwina. Yotamu ndiye anali wina. Pakamwa pake sipankauma. Pa chisuweni chathu ankanditcha mkazi wake, ine n'kumamutcha mwamuna waulesi, anthu n'kumaseka.

"Asuweni," anatero tili panjira, "inu muli ndi manja, ine ndili ndi pakamwa. Tikaphatikizana tikhala munthu mmodzi wathunthu."

Ndinavomera ndi mutu. Mawu amenewo ndinayenda nawo zaka zambiri.

Malo oyamba kumene tinakhalitsa anali m'mphepete mwa msewu waukulu, patsinde pa phiri, pamene panali zisakasa za anthu osema ziboliboli. Mwini chisakasa chimene tinafikira anali a Chimbalanga, bambo wamfupi wa zala zokhota ngati mizu. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Pano mkazi sagwira sompho," anatero. "Koma kupala ndi kupaka polishi, zimenezo mukhoza."

Ndinapala njovu, ndinapala mvuu, ndinapala ng'ona, mpaka zala zanga zinaleka kumva kutentha kwa kapu ya tiyi. Mvula inabwera n'kupita, kaya kawiri kaya katatu. Tsiku lina a Chimbalanga anandipeza kuseri kwa chisakasa ndikusema kachidutswa ka mlombwa kamene iwo anataya. Sanakalipe. Anakhala pansi n'kundikonza kagwiridwe ka tchizulo.

"Musamalimbane ndi mtengo, mayi. Muziyamba mwauyang'ana. Ukakana apa, zungulirani."

M'mawa uliwonse m'phirimo munkatsika amayi atasenza nkhuni zokagulitsa. Mmodzi ankakhala ndi mwana kumsana, ndipo khosi lake linali litalowa m'mapewa chifukwa cha kulemera kwa mtolo. Ndinasema iyeyo. Ndinasema mitsempha ya m'khosi, ming'alu ya ku chidendene, ndi dzanja limodzi lobwerera kumbuyo kukachirikiza mwana. Chiboliboli chimenecho chinanditengera miyezi.

Tsiku lina galimoto ya alendo ochokera kunja inaima. Mayi wina wa chipewa chachikulu anachinyamula chiboliboli changa, n'kundifunsa m'Chingerezi chimene ndinachimva ndithu: kodi ameneyu akutani? Ndinatsegula pakamwa. Ndinkafuna kunena kuti watopa. Mawu anakana. Yotamu analowererapo akumwetulira, nayankhula nthawi yaitali uku akugwedeza chiuno. Mlendoyo anaseka, n'kugula.

"Mwawauza ch-chiyani?" ndinamufunsa galimoto itapita.

"Ndawauza kuti akuvina gule wokondwerera zokolola."

"K-koma sakuvina."

"Asuweni, munthu amene wabwera kudzapuma sagula misozi. Chachikulu n'choti lero tidya zankhuli."

Ndipo ndinadya nawo nyamayo. Izi ndiyenera kuzinena, chifukwa ndinadyadi.

Kenaka msewu uja anaukulitsa. Zisakasa zinagwetsedwa m'mawa umodzi, ndipo a Chimbalanga, amene maso awo anali atayamba kuchita ng'ala, anakwera basi yobwerera kwawo osatsanzika aliyense.

Tinayenda. Midzi imene tinadutsa inali yofanana, moti nthawi zina ndinkaona ngati tikuzungulira mudzi umodzimodzi womwewo: chigayo, golosale, mtengo wa mango, galu wogona pakati pa njira. Tinakafika m'tauni ina ya fumbi, kumene ntchito imene sinkatha inali youmba ziliza. Kumeneko ndinaphunzira simenti. Ndinaphunzira kupinda waya kuti akhale mafupa, kusefa mchenga, ndi kuthirira chinthu m'mawa ndi masana kuti chisang'aluke.

Bungwe lina loona za atsikana linkafuna chifanizo choti chiime patsogolo pa sukulu, ndipo Yotamu anatipezera ntchitoyo. Pasukulupo panali mtsikana wina amene anamuchotsa chifukwa cha mimba. Tsiku lililonse ankabwerabe, n'kukhala pansi kuseri kwa kalasi, pafupi ndi windo, n'kumalemba zimene aphunzitsi akunena m'katimo. Ndinamupempha kuti ndiumbe iyeyo. Anachita manyazi, kenaka anavomera. Anandikhalira masiku ambiri pa njerwa, kope lili pabondo, mutu utapendekera kumene kukuchokera mawu, mimba ili patsogolo monga inalili.

Kutatsala tsiku limodzi kuti achionetse kwa anthu, ndinapita kumtsinje kukachapa. Pobwera ndinapeza Yotamu manja ali simenti yokhayokha. Mimba ija anali ataigumula, pamalopo n'kumatapo bwinobwino.

"Akuluakulu a bungwe anabwera kudzaona," anatero. "Akuti mimba ichititsa manyazi alendo olemekezeka. Ndakupulumutsani, asuweni. Bwenzi atachikana chonse."

M'mawa mwake anthu anaimba, anaomba m'manja, nsalu inavundukulidwa. Mtsikana uja anaima kumapeto kwa gulu. Anthu atabalalika anayandikira, nayang'ana chifanizocho, kenaka anayang'ana ine.

"Anti, uyu si ine," anatero, n'kumapita.

Ndinatha mwezi osamuyankhula Yotamu. Koma kukwiya kwa munthu wachibwibwi amakuzindikira ndani? Iye ankangoti ndi mmene ndilili. Ndipo mwezi umenewo utangotha ndinadwala malungo aakulu. Anali Yotamu yemweyo amene anabwereka njinga, n'kundimangirira kumsana kwake ndi chitenje kuti ndisagwe, n'kupalasa mtunda wautali dzuwa lili paliwombo mpaka kuchipatala. Anagona pakhonde masiku anayi. Nditatsegula maso ndinamupeza akundiuzira phala kuti lizizire.

"Mkazi wanga asandifere," anatero, "ndani azindidyetsa ine mlesi?"

Ndinaseka, ndipo nkhani ya mtsikana ija ndinaikwirira mumtima.

Malo achitatu anali tauni yokhala ndi njanji imene sitima inaleka kudutsamo kalekale. Kumeneko kunali a Jafali, owotcherera zitsulo, amene ankapanga mageti, mbaula ndi mafelemu a mawindo. Iwo sanafunse ngati ndine mkazi kapena mwamuna. Anangondipatsa galasi lakuda.

"Osayang'ana moto ndi maso okha. Ndipo mukalumikiza mwachinyengo, chitsulo chidzakuululani pamaso pa mwini wake."

Masiku oyamba maso ankandiwawa ngati wina wathiramo mchenga. Pambuyo pake dzanja linakhazikika. Ntchito ya mageti ikatha ndinkatola zotsala, matcheni a njinga, masipoko, zitsekerero za mapoto, n'kumapanga anthu. Yotamu anagula jekete ndi foni yojambula, n'kuyamba kudzitcha manijala wanga. Ankachoka masiku angapo, n'kubwera ndi nkhani za anthu akuluakulu amene wawadziwa.

Nyengo ina zitsulo zakutha zinasowa m'tauni, ndipo ndinapita ndekha kukazifuna m'midzi. Ndinayenda mpaka njira inasanduka kanjira, kanjira n'kuthera paphiri la miyala yokhayokha. Pamenepo panali nyumba zaudzu zomangidwa mothamanga, ndi timinda tokanda pakati pa matanthwe. Mayi wina wachikulire, wamtali, wa mpango wofiira, ankazula miyala m'kamunda kake. Dzina lawo anali a Nangozo.

Ndinawapatsa moni, n'kuyamba kufunsa ngati ali ndi zitsulo zakutha. Funso lalifupi limenelo linanditengera nthawi. A Nangozo anatsamira mpini wa khasu n'kudikira. Sanandimalizire mawu, sanayang'ane kumbali. Anadikira mpaka ndinamaliza. M'moyo wanga wonse anthu otero sanakwane zala za dzanja limodzi.

"Zitsulo zakutha?" anatero. "Mwana wanga, kuno zonse n'zakutha. Bwerani muone."

Ananditengera pamwamba pa thanthwe. Kumunsi kunali chigwa chachikulu chobiriwira, chozunguliridwa ndi waya, mbewu zili m'mizere yowongoka mpaka kumene maso amalekezera.

"Mukuona pali thanki yamadzi apo? Panali nyumba yanga. Mukuona mzere wa bulugamu uwo? Pali manda a amuna anga. Kunabwera anthu ndi mapepala, akuti malo agulidwa, pakhala esiteti. Amene tinawatuma kukatiyankhulira anakasaina. Ife anatikweza lole n'kudzatitsitsa pano."

Kuseri kwa nyumba iliyonse kunali mulu wa makasu. Miyala inali itawadya mpaka ena anatsala ngati chikhatho cha mwana. Anali makasu omwewo amene ankalimira kuchigwa. Sankawataya, ngakhale analibenso ntchito.

Ndinagona kwa a Nangozo masiku atatu, ndipo tsiku lachitatu ndinawauza chimene chinabwera m'mutu mwanga. Anaitanitsa anzawo pansi pa thanthwe lamthunzi. Ndinaimirira pamaso pa anthu n'kufotokoza, thukuta lili kamukamu, kuti ndikufuna makasu awo ndipange nawo chifanizo cha anthu ochotsedwa pamalo pawo, chikaime kumene akuluakulu angachione.

Bambo wina wa ndevu zaimvi anapukusa mutu.

"Tinapereka kale minda kwa anthu a mawu okoma. Lero tipereke ndi makasu omwe?"

"Uyu mawu okoma alibe," anatero a Nangozo. "Simukumva mmene akuvutikira? Munthu wabodza savutika chonchi."

Anthu anaseka, ine ndinaseka nawo. Madzulo asanafike makasu anali ataunjikidwa pamapazi panga, aliyense akutchula mwini wake, amoyo ndi akufa omwe. Nditamutumizira uthenga, Yotamu anabwera ndi ngolo kudzawanyamula. Anavula chipewa pamaso pa a Nangozo, nagwada.

"Amayi, chinthu chimenechi chikaima mumzinda waukulu, pa chionetsero. Kudzabwera atolankhani, kudzabwera oweruza nkhani za malo. Maina anu onse adzawerengedwa. Ndikanama, mudzandilavulire."

Chilimwe chonse ndinachithera pabwalo la a Jafali. Ndinapanga anthu asanu ndi awiri, aatali kuposa chitseko, oyenda mondondozana. Nthiti zawo, mapewa awo, nsalu zawo, zonse zinali makasu. Mapazi ankapita kutsogolo, koma mitu yonse inali itacheukira kumbuyo, kumene achoka. Wotsogola anali mayi wamtali, manja atatambasula, opanda kanthu. Pansi ndinaikapo chitsulo chachitali, n'kulembapo ndi moto maina a eni makasu, limodzilimodzi. Nditamaliza, a Jafali anachizungulira kawiri, manja ali kumbuyo.

"Mayi," anatero, "ichi chikulira."

Lole inabwera m'mawa. Yotamu anakwera kutsogolo.

"Inu mutsatire sabata yamawa, asuweni. Ndikakonze kaye malo."

Ndinatsatira. Mzinda umenewo ndimaukumbukira ngati maloto a malungo. Khomo lililonse linkanditumiza kukhomo lina. Kumalo a chionetsero anati za anthu a makasu sanamvepo. Wina anati ndibwere mawa, mawa lake anati amene akudziwa wapita kumaliro. Ndikayamba kufotokoza, mlembi ankayang'ana munthu wa kumbuyo kwanga n'kuti, "Wotsatira." Foni ya Yotamu inkangolira. Ndinaganiza kuti lole inagubuduzika, ndinaganiza kuti am'manga, ndinafika mpaka pokafunsa m'zipatala. Kaya panatha masabata atatu, kaya miyezi iwiri, sindidziwa. Nsapato zitang'ambika ndinakwera matola obwerera.

Msewu wake unkadutsa m'mphepete mwa chigwa chija. Ndinali nditakhala pa thumba la chimanga, ndikusinza, pamene mayi wina anati, "Taonani zokongola aika pa geti la esiteti." Ndinadzutsa mutu. Ndinamenya denga la galimoto ndi chibakera mpaka inaima.

Anali anthu anga asanu ndi awiri. Anawapaka penti wobiriwira ndi wachikasu. Mitu anaidula n'kuilumikizanso itayang'ana kutsogolo, kuloza m'esiteti, ndipo polumikizapo panali matuza ngati mphere. M'manja mwa mayi wotsogola anaikamo dengu lachitsulo lodzaza zokolola. Chitsulo cha maina panalibe. M'malo mwake panali chikwangwani chonyezimira: ALIMI OKONDWA, DZIKO LOTUKUKA.

Yotamu anatuluka mu ofesi ya pafupi ndi geti, atavala malaya okhala ndi chizindikiro cha kampani pachifuwa. Anali atanenepa. Atandiona anaima pang'ono, kenaka anabwera manja ali m'mwamba.

"Asuweni! Ndimafuna ndikuuzeni, koma ndinadziwa kuti mukana."

"Iwe," ndinatero. Chibadwire ndinali ndisanamutchulepo iwe. "Iwe, m-mitu yawo."

"Mitu yoyang'ana kumbuyo angaifune ndani pa geti? Tamverani kaye. Mumzinda muja chikanakhala sabata imodzi, anthu n'kujambula, n'kuiwala, kenaka dzimbiri. Pano chikhala zaka. Ndipo andilemba ntchito yoyankhulira kampani. Andipatsa nyumba ya zipinda ziwiri, chimodzi n'chanu. Tayenda mokwanira, asuweni. Ine ndatopa kugona m'makonde. Inu simutopa?"

"M-maina?"

"Maina anali ovuta. Nkhani ya malo ino sinathe, mukudziwa."

"Unagwada. Un-unalumbira."

Nkhope yake inasintha. Anayang'ana mlonda wa pa geti, n'kutsitsa mawu.

"Zaka zonsezi akanakudziwani ndani popanda ine? Inu mumangopanga zinthu. Amene ndimaziuza chonena ndine. Kuyambira pa msewu paja mpaka lero, mwadya chiyani chimene sichinatuluke pakamwa pangapa?"

Ndinali ndi zambiri zomuyankha, zonse zili pakhosi. Ndinafuna kungonena kuti ndikupita. "Ndi-ndi-ndi..."

"Ndikudziwa, mukufuna muone nyumbayo," anandimalizira. "Tiyeni, ili pafupi."

Ndinatembenuka. Anandiitana kawiri, kachitatu sanaitanenso.

Ndikanatha kukwera matola ena n'kusowa, anthu a kumiyala n'kumaganiza kuti makasu awo ali mumzinda. Ndinaima pamphambano nthawi yaitali ndikuganiza zimenezo. Kenaka ndinakwera phiri.

A Nangozo ndinawapeza akupeta mapira. Ndinakhala pansi n'kuyamba kufotokoza. Sindinavutikepo kuyankhula ngati tsiku limenelo. Anthu anabwera mmodzimmodzi n'kuima mozungulira. A Nangozo anaika lichero pambali n'kudikira mpaka ndinanena zonse: penti, mitu, dengu, chikwangwani. Bambo wa ndevu zaimvi uja anangolavula pansi n'kumapita.

"Ndiye kuti makasu athu abwerera kuminda yathu," anatero a Nangozo, "eni akefe tili pano."

Anaimirira, namanga chitenje mwamphamvu.

"Tiyeni mukandionetse."

Tinatsika awiri, iwo patsogolo. Tinafika pa geti dzuwa likuswa mtengo. Mlonda anatuluka m'kanyumba kake ndi chibonga.

"Amayi, pano saimapo."

A Nangozo sanamuyang'ane. Anayandikira chifanizo, n'kuyamba kusisita makasu ndi chala, pamwamba pa penti.

"Ili ndi la a Fulawo, amuna anga. Anali amanzere, taonani mmene linadyekera mbali imodzi. Ili ndi la Nachisale, analithyola msuka chaka cha njala. Ili ndi la a Dzimbiri. Ili ndi la Esinati, amene anamwalira titangofika kumiyala."

Ankatchula mokweza, mosathamanga, ngati akuitana anthu kumunda. Antchito ena amene ankatuluka pa geti anaima. Mlonda uja anatsitsa chibonga chake. Anali bambo wa zaka zapakati.

"A Nangozo," anatero, "kodi la mayi anga lilipo?"

Apo m'pamene anamuyang'ana.

"Ndiwe mwana wa Nankhoma iwe? Uli kuno tsopano? Lilipo. Ndi ili pa phewa la wachitatuyu."

Mlondayo anavula kapusi, nagwira khasulo. Pa windo la ofesi katani inagwedezeka, koma sipanatuluke munthu.

Atamaliza kutchula onse, a Nangozo anapukuta chala ku chitenje n'kubwera pamene ndinaima. Ndinkayembekeza kuti anditukwana, ndipo zikanandipepukira. Koma anayankhula mofatsa.

"Mwana wanga, sindikunena kuti munatinamiza. Ntchito yanu ndaiona, ngakhale aipaka utoto. Koma ndifunse. Mbale wanuyu mwayenda naye nthawi yaitali?"

"Eya."

"Aka n'koyamba kukuchitani zoterezi?"

Ndinafuna kuti chibwibwi chindigwire, koma mawu anatuluka osavuta.

"N'kachitatu."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Ndiye munkamudziwa galu wanu kuti amadya mazira, koma munabwera naye m'khola mwathu osatichenjeza. Ine ndinakuikirani kumbuyo pamaso pa anthu. Ndinati uyu sanganame. Sindinadziwe kuti munthu amathanso kunama atangokhala chete."

Ndinagwada pafumbi. Anandigwira paphewa, dzanja lawo lili lolemera ndi lofunda.

"Dzukani. Muyende bwino kumene mukupita. Koma kumiyala musadzakwerenso."

Anawoloka msewu n'kulowa kanjira ka kuphiri. Ndinawayang'ana mpaka mpango wofiira unasowa pakati pa matanthwe.

Ndinakhala m'mbali mwa msewu, nditafulatira geti, mpaka dzuwa linapendeka. Minibasi itaima, kondakitala anatulutsa mutu n'kufunsa kumene ndikupita. Ndinacheuka mwachizolowezi, koma kumbali kwanga kunalibe munthu. Ndinayamba kutchula dzina la malowo, mawu n'kukakamira. Dalaivala analiza hutala, anthu m'katimo anayamba kung'ung'udza kuti tiyeni tizipita. Ndinagwira chitseko ndi manja awiri, osachisiya, mpaka dzinalo linatuluka lonse.